Soketi yotentha ndi babu losazima: yankho kwa achemwali a ku Dzivarasekwa, mu Harare

Achemwali, mwati soketi ya kukhitchini ikutentha ndi kununkha pulasitiki wopserera mukalumikiza ketulo, koma buleka sikugwa, komanso babu la LED la kuchipinda likumawala mozilala ngakhale mwazimitsa pa swichi. Ndaona ena akuyankha kuti ndi mmene magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe kuno, akubwerera masiku ano. Ayi ndithu, vutoli lili m'khoma mwanu. Soketi imeneyo muisiye lero lomwe, musadikire kutha kwa mwezi.

Kuseri kwa soketi, waya aliyense amamangidwa ndi screw. Ikakhwefuka, magetsi amadutsa pa kamalo kochepetsetsa ndipo pamenepo pamatentha. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira n'kubwerera, ndiye kukhwefuka kumangowonjezeka mpaka pulasitiki ayambe kusungunuka. Buleka singagwe chifukwa iyo imangowerenga ma amp, kuchuluka kwa magetsi odutsa, ndipo ma amp sanapyole malire. Earth leakage, buleka yoteteza anthu ku shoko, nayo imadikira magetsi othawira pansi, nthawi zambiri 30mA. Zonse ziwirizi sizimva kutentha. Nyumba ikhoza kuyaka mabuleka onse ali chiimire.

Tawerengani katundu amene mukuisenzetsa soketiyo. Ketulo ya 2000W pa 230V imakoka ma amp pafupifupi 9, pomwe soketi ya mapini a makona malire ake ndi 13A. Mukawonjezapo hot plate ya mbale ziwiri kudzera pa adaputa, mwafika pa 17 kapena kuposa. Ndipo tonse tikudziwa zimene timachita magetsi akabwera pakati pa usiku: nsima, kusita, madzi osamba, zonse pa bowo limodzi asanathimenso.

Yambani ndi pulagi ya ketulo, poti ndi yosavuta. Ngati pini imodzi yada kapena pulasitiki wapindika, isintheni, ndipo muikemo fyuzi ya 13A yeniyeni, osati waya wokulunga kapena pepala lonyezimira la ndudu. Pulagi ikamagwedera mu soketi, tizitsulo tam'kati tatha mphamvu, makamaka ngati anthu akhala akukakamiza mapulagi a mapini awiri ndi kamtengo. Soketi yotere sikonzeka, n'kugula ina.

Pa kutsegula soketi ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, inuyo kapena amene akuthandizeni. Kuthima kwa magetsi si kuzimitsa. ZESA siodira pobwera. Tsitsani main switch pa bokosi la mabuleka, ndipo ngati mukukhala ndi malojala ena auzeni, wina angabwere n'kukweza akuganiza kuti yagwa yokha. Ngati panyumbapo pali inveta ya sola kapena mabatire, nayonso izimitsidwe. Chiyambire mdima wa 2019, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, nyumba zambiri mu Harare zinalumikizidwa ma inveta, ena mwadongosolo, ena mwachisawawa, moti main switch ili pansi mawaya ena amakhalabe ndi moto. Mukatero yezani ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, mutayamba mwaiyesa pa soketi yamoyo kuti mutsimikize kuti ikugwira. Tesita ya kababu ija ine sindiikhulupirira, masana sioneka bwino ndipo imanamiza.

M'kati mupeza wofiira amene ndi live (wobweretsa moto), wakuda neutral (wobweza magetsi), ndi earth (wachitetezo, wopita pansi) wobiriwira kapena wosavala. Pa chingwe cha ketulo mitundu ndi ina: wabulawuni live, wabuluu neutral, wobiriwira ndi chikasu earth. Koma mtundu wa waya si umboni, amene analumikiza mwina anangotola zomwe anali nazo. Waya wopserera adulidwe mpaka pamene kopa akuwala, chifukwa kopa wakuda akabwezeredwa amatenthanso. Mukapeza mawaya awiri pa bowo lililonse, ndiye kuti magetsi amadutsa pamenepo kupita ku masoketi ena, onse awiri amangidwe zolimba. Waya wa masoketi ndi wa 2.5mm², wa magetsi ounikira 1.5mm². Mukapezamo kachingwe kopyapyala ka wailesi, monga zimachitikira m'zipinda zowonjezera za kuseri, tsekani, imeneyo ndi ntchito ya amisiri ovomerezeka.

Tsopano babu lija. LED imawala ndi magetsi ochepa kwambiri, kotero swichi yokhala ndi kanyali, kapena mawaya oyenda limodzi mtunda wautali mu paipi imodzi, zimatha kuipatsa kuwala kozilala. Zimenezo si zoopsa, nthawi zina kusintha babu kumathetsa. Onaninso ngati zimachitika pokhapokha mukakhala pa inveta. Koma pali chifukwa china choipa: swichi inaikidwa pa neutral m'malo mwa live. Babu limazima, koma pamene limalowa pamakhalabe pamoto, ndipo munthu wosintha babu atakwera pa mpando akhoza kugwidwa shoko n'kugwa. Pofika mmisiri adzayeze zimenezi. Pakali pano musasinthe babu limenelo musanatsitse buleka.

Pali nthawi imodzi yomwe vuto limakhaladi la kunja: mababu ena akuwala mopyola muyezo, ena akuzilala, ndipo kwa aneba zili chimodzimodzi. Kawirikawiri neutral ya mumsewu imakhala yaduka kapena akuba kopa aidula, ndipo mphamvu ikhoza kukwera kuyandikira 400V n'kuotcha firiji ndi TV. Pamenepo tsitsani main switch, imbirani a ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi. Mita ndi chidindo chake musakhudze.

Popeza mwati nyumbayo ndi ya lendi, jambulani soketiyo ndi pulagi, muwatumizire eni nyumba pa WhatsApp kuti pakhale umboni wa tsiku limene munawauza. Mpaka aikonze, tsitsani buleka ya masoketi amenewo, ketulo muilumikize yokha pa soketi ya buleka ina, popanda adaputa.