Manja akusoka koma mtima uli kwina, nditani?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amasoka pakhonde la golosale ku Ndirande. Akuti anayamba kusoka chifukwa chokonda, koma pano manja amangoyenda okha mtima uli kwina, foni ikulira, makasitomala akufunsa za maoda awo pa WhatsApp, mpaka tsiku lina anadula molakwika chitenje cha mamita 6 cha mayi wina chomwe chinali cha chinkhoswe. Nde akufunsa kuti kodi luso limatha, kapena angosiya ayambe geni ina?

Achemwali, luso silinathe ayi, ndipo makinawo musagulitse. Ndikuyankheni kudzera kwa agogo anga aakazi amene ankaumba mbiya, chifukwa nditawerenga imelo yanuyi ndinangowaona ali khale pansi pa mtengo wa mango dongo lili pamwendo. Iwo akabwera nalo dongo kuchokera kudambo sankayamba ndi kuumba, ankayamba alisinja, kenako nkumalikanya ndi zala pang'onopang'ono kufufuza timiyala ndi timizu, ntchito yotopetsa yoti ife ana tinkathawa. Kamwala kamodzi kokha kakatsalira, mbiya imaoneka bwinobwino mpaka tsiku lootcha, moto ukagwira nde imang'aluka pomwe pali kamwalako, ntchito ya masabata yathera pompo. Nde pa nthawi yokanyayo agogo sankacheza, ngakhale mlendo afike ankangoti khalani pamphasapo ndikubwera. Koma akafika pokulungiza ndi nkhulungo, aaa, apo nde macheza ndi nyimbo zinkabwera, amatha kukufotokozerani nkhani ya mudzi wonse dzanja likuyenda lokha.

Chomwe ndinadzamvetsa nditakula nchakuti agogo ankadziwa pomwe ntchito yawo imafuna munthu yense wathunthu ndi pomwe imalola kucheza. Sikuti tsiku lonse ankakhala ndwii ngati ali pamaliro ayi. Inuyo pa ntchito yanu malo amenewo ndi poyeza ndi podula. Msoko ukakhota mumasula nkusokanso, zipi ikakhala moipa mumachotsa, koma sizasi ikadutsa pansalu yadutsa basi, palibe kubweza. Nde bwanji osadula mmamawa foni isanatuluke mchikwama? Tepi, choko, kope la miyezo, nsalu imodzi patebulo, muyeze kawiri, muyang'ane kaye maluwa a chitenjecho kuti akuloza kuti asadzakhale chozondoka kumsana, kenako mudule. Ola limodzi lokha likwana. Zopinda mmunsi, mabatani, kusita, izo mutha kupanga uku mukuyankha mauthenga.

Ndikudziwa mundiuza kuti foniyo ndi yomwe imabweretsa ndalama, nzoona, sindikunena kuti muitaye. Koma kasitomala amene wadikira yankho mpaka 9 koloko sathawa, amene amathawa ndi uja mwamuonongera nsalu yake. Komanso ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, nyengo ya maukwati ikafika musalandire oda iliyonse chifukwa choopa kukana. Theka la phokoso lili mmutu mwanulo ndi malonjezo a Lachisanu omwe mukudziwa kale kuti simukwanitsa, munthu sungaike mtima pa diresi ili patsogolo pako uku ukuganiza bodza lomwe umuuze wina akubwera masana. Nenani tsiku loona ngakhale likhale lakutali.

Ndinapitako ku Mua ku Dedza, kumene kuli KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene anayambitsidwa mu 1976 ndi bambo Claude Boucher ochokera ku Canada. Chinandigwira mtima si ziboliboli zomalizidwa zokha, koma mmene wosema amatembenuzira chipika, kuchiyang'ana uku ndi uku, kuona pomwe pali mfundo ndi komwe mtengo ukulowera asanamenye ndi kamodzi komwe. Munthu wodutsa atha kuganiza kuti akungotaya nthawi pomwe ntchito yayamba kale. Inunso muli nako kuyang'ana kumeneko, munali nako pomwe munkayamba, kwangokwiririka ndi changu.

Chinanso, ndipo ichi ndikuchinena ndi mtima wonse, mwasoka za eni ake nthawi yayitali. Masitayilo onse amabwera ndi kasitomala pa foni, ndisokereni ngati iyi, inu nkumangokopera. Tizidutswa ta nsalu timene mumasesa madzulo tija sungani mjumbo, ndipo kamodzi pa sabata sokani kanthu koti palibe anakutumani, kaya kachikwama, kaya kadiresi ka mwana wa mnzanu, mitundu musankhe nokha. Sikadzetsa ndalama tsiku lomwelo koma mudzamva chala chikudzukanso.

Za mayi a chinkhoswe aja, ngati simunakambirane nawo bwinobwino pitani konko kwawo, osati pa meseji, mukapepese ndipo mugwirizane mmene mubwezere chitenjecho ngakhale pang'onopang'ono. Nsalu yolakwikayo ikatsala kwa inu musaibise pansi pa tebulo, iyaleni mmawa wina foni ili mchikwama muone chomwe chingatulukemo, ndipo mukasoka munditumizire chithunzi ndidzachione.