Funsani Amakaniko: Injini ya petulo ya m'boti la matanga ikamangozima

FUNSO: Akonzi, ndili ndi boti la matanga lalitali mamita 9, ndipo lili ndi injini ya petulo ya Atomic 4. Pochoka padoko imalira bwinobwino, koma ikangotha mphindi 30 kapena 40 imazima. Ndikayesa kuiliza nthawi yomweyo imakana, koma ndikadikira theka la ola imalira ngati palibe chachitika. Mapulagi ndasintha, fyuluta ya mafuta ndasinthanso. Anzanga akuti ndigule kabuleta yatsopano. Ndigule? — Bambo wina wowerenga

YANKHO: Musagule kaye, bambo. Kabuleta imasenza milandu yambiri yomwe sinapalamule, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozeramu, ife tikukayikira koyilo (chipangizo chokweza magetsi kuti mapulagi atulutse moto) choyamba, kenako kabowo kopumira ka thanki. Atomic 4 ndi injini yosavuta kuimvetsa: masilinda 4, mphamvu ya mahatchi 30, ndipo kampani ya Universal ya ku Oshkosh, Wisconsin, inapanga pafupifupi 40,000 isanasiye kuipanga mu 1984. Ikamazima n'kudzalira yokha itapuma, ndiye kuti ikusowa moto kapena mafuta. Vuto silingakhale kompuleshoni (kupanikizika kwa mpweya m'masilinda), chifukwa iyo sichoka n'kubwerera pakatha theka la ola.

Chomwe simunatiuze ndi kazimidwe kake, ndiye ulendo wotsatira mutchere khutu. Injini yosowa moto imaduka kamodzin'kamodzi ngati wina wazimitsa kiyi. Yosowa mafuta imayamba yadandaula: kukwera, kutsika, kutsokomola, mwina kuphulitsa kukabuleta, kenako zii. Mukakoka choke (chochepetsa mpweya wolowa mukabuleta) pomwe yayamba kudandaulapo n'kuona kuti yatsitsimuka kwa kanthawi, nkhani ndi ya mafuta basi.

Musanagwire sipanala, ponyani nangula kapena kwezani matanga kuti boti lisamangotengeka, ndipo yatsani fani yotulutsa mpweya m'chipinda cha injini kwa mphindi zosachepera 4. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Mu galimoto imagwera pamsewu, koma m'boti imadikha pansi penipeni kudikira kamoto kamodzi kokha. Ikani mphuno pansipo. Mukamva fungo la petulo, musayese moto mpaka mutapeza pomwe akudontha.

Moto muuyese injini ikangozima, ikadali yotentha, chifukwa ikazizira umboni umathawa. Zulani waya wonenepa wapakati pa chivundikiro cha distributor (chogawira moto kumapulagi), womwe umachokera kukoyilo, muulumikize ku kachida koyesera moto kotsekedwa m'galasi, wina apukuse injini. Moto wabwino ndi wabuluu, umalira kuti thethethe, ndipo umalumpha mpata wa mamilimita 6 mpaka 10. Ukakhala wachikasu, wofooka, kapena palibiretu, khudzani koyilo. Ngati simungathe kusungapo dzanja kwa masekondi atatu, mwina mwamupeza wolakwa. Mkati mwa koyilo muli waya woonda kwambiri wokulungidwa kambirimbiri. Zokutira zake zikapsa, kutentha kumachititsa kuti magetsi azidutsa njira yachidule. Ikazizira imagwiranso ntchito. N'chifukwa chake theka la ola lanu lija limaoneka ngati mankhwala.

Koyilo yoteroyo sichira, ndipo nthawi yomwe injini imalira isanazime imanka nifupika. Koma musangoika yatsopano osafunsa chomwe chinapha yakaleyo. Yesani ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chimatchingira magetsi) ndi mita pakati pa timabawuti tiwiri tating'ono ta koyilo. Amene anachotsa mapointi (tizitsulo ta mu distributor totsegula ndi kutseka magetsi a koyilo) n'kuika ignition yamagetsi ayenera kuonetsetsa kuti mphamvu yodutsa mukoyilo isapitirire ma amp 4. Alternator ikamatchaja pa ma volt 14, masamu ake ndi 14 kugawa ndi 4, kutanthauza kuti pakufunika ma ohm 3.5 kapena kuposerapo. Koyilo ya ma ohm 3 imafunika kuiwonjezera resistor (kachida kochepetsa magetsi odutsa) kutsogolo kwake. Chinanso chomwe chimawotcha koyilo ndi kuiwala kiyi ali woyatsa injini isakulira.

Koyilo ikakhala yofunda chabe koma moto palibe, yesani ngati magetsi akufika pa bawuti yake ya +. Mawaya ochokera kukiyi amayenda mtunda wautali m'malo a chinyezi, ndipo mapulagi olumikizira amachita dzimbiri lobiriwira. Lumikizani kawaya kuchokera ku + ya batire mpaka ku + ya koyilo. Ikalira, vuto lili pa kiyi kapena mawaya ake. Kumbukirani kuti kiyi sangaizimitse mpaka mutachotsa kawayako. Ngati mudakali ndi mapointi, kondensa (kachida kogwira ntchito limodzi ndi mapointiwo) nayo imafa ndi kutentha mofananamo, ndipo ndi yotsika mtengo kuposa zonse, choncho sinthani pamodzi ndi mapointiwo.

Tsopano tinene kuti moto ulipo wabuluu. Pitani mukatsegule chivundikiro chothirira mafuta muthanki, khutu lili pafupi. Mukamva mpweya ukuthamangira mkati kuti fyoo, kabowo kopumira katsekeka. Pampu ikamakoka petulo, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake; ukapanda kulowa zimakhala ngati munthu akuyamwa botolo osachotsa pakamwa, kumapeto kwake palibe chotuluka. Mpweya ukamalowa pang'onopang'ono m'theka la ola lija, injini imaliranso. Kabowoka kamakhala kunja m'mbali mwa boti, ndipo kamatsekedwa ndi mchere, kangaude, mavu omanga ndi dothi, kapena payipi yake imapindika n'kusunga madzi. Vulani payipiyo kuthanki, muuzire.

Ngati si pamenepo, masulani bawuti yokhetsera yomwe ili pansi pa kabuleta, mutatchera kabotolo kagalasi. Pakatuluka timadontho tokha, mafuta sakufika. Akatuluka ambiri, asiyeni adikhe mphindi 10 muone ngati pansi pakhala madzi kapena tizinyenyeswa ta dzimbiri. Njira yodula nkhani ndi kubwereka kathanki konyamula m'manja ka injini yapanja, kuthiramo petulo watsopano, n'kukalumikiza molunjika kupampu. Injini ikalira ola lathunthu osadandaula, kabuleta yanu ilibe mlandu, vuto lili pakati pa thanki ndi pampu: kasefa kakunsonga kwa payipi yokokera muthanki, valavu yoletsa mafuta kudziyendera okha yomwe yakakamira, kapena polumikiza pomwe pakuyamwa mpweya. Mbali yokoka imatha kuyamwa mpweya popanda kudontha ngakhale dontho limodzi, ndipo chimake ndi raba ya fyuluta yomwe yangosinthidwa kumene. Poti mwati fyuluta munasintha, yambirani pomwepo.

Chenjezo lina lomwe ambiri amalidziwa mochedwa: mukamapukusa injini kangapo osalira, tsekani valavu yolowetsa madzi oziziritsa. Pampu ya madzi imapopa nthawi yonse yomwe sitata ikuzungulira, koma palibe utsi wokankhira madziwo kunja. Amadzaza ekizosi n'kubwerera m'masilinda. Ikangolira, tsegulani nthawi yomweyo.

FUNSO: Yanga imalira bwino giya ili pa nyutulo, koma ndikangoponya giya yakutsogolo imazima. Chavuta n'chiyani? — Mayi wina wowerenga

YANKHO: Mayi, zimitsani injini, chotsani kiyi, ikani pa nyutulo, muyese kuzunguza shafiti ndi dzanja. Iyenera kuzungulira. Ikakana, kawirikawiri ndiye kuti pulopela yakulunga chingwe, ukonde kapena pulasitiki, ndipo m'boti la matanga kawirikawiri chimakhala chingwe chanu chomwe chimene chinagwera m'madzi. Palibe kuchitira mwina koma kudumphira m'madzi ndi mpeni, kiyi ali m'thumba mwa wodumphirayo.

Shafiti ikamazungulira momasuka, ndiye kuti injini ilibe mphamvu ikamalira pansipansi. Kwezani idling (liwiro la injini ikamalira pansipansi) ifike cha m'ma maulendo ozungulira 800 mpaka 1,000 pa mphindi injini itatentha. Pa kabuleta ya Zenith ya Atomic 4, ka screw kosakanizira mafuta a idling kamalamulira mpweya, choncho kukalowetsa mkati kumawonjezera mafuta. Ambiri amachita mosemphana. Kalowetseni mpaka kagunde mofatsa, kabwezeni kamodzi ndi theka, muyambire pamenepo. Ikamafunabe choke itatentha, jeti ya idling (kabowo kodutsira mafuta mukabuleta) yatsekeka. Itsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi mpweya wopopa, osati waya wachitsulo, chifukwa umakulitsa bowo. Onaninso kuti mawaya a mapulagi sanasinthanitsidwe. Dongosolo lomwe masilinda amalandirira moto ndi 1-2-4-3, ndipo mpata wa pulagi ndi mamilimita 0.9. Injini yolira ndi masilinda awiri okha imanamiza pa nyutulo, koma katundu sinyamula.

FUNSO: Nanga yolira mphindi imodzi yokha n'kuzima, ngati yowerengera? Ndili ndi pampu yamagetsi. — Wowerenga wina

YANKHO: Mphindi imodziyo ndi petulo amene anatsalira m'kabakuli ka kabuleta. Pampu yamagetsi imalandira magetsi kudzera pa switch yoyendera mphamvu ya oyilo, kuti injini ikazima pampu isapitirize kuthira petulo m'boti. Switch imeneyi ikafa, kapena fyuzi yake ikapsa, pampu siyamba n'komwe. Lumikizani timabawuti tiwiri ta switch ndi kawaya, muyatse kiyi. Mukamva pampu ikugunda kuti kakaka, sinthani switch. Kawayako ndi koyesera chabe, musakasiye pamenepo. Yang'ananinso geji ya oyilo, chifukwa mwina switch ikunena zoona kuti oyilo watsika.

FUNSO: Madzi akakhala bata injini yanga ilibe vuto. Imazima mafunde akakula, nthawi yomwe ndimaifunitsitsa. — Bambo wina wowerenga

YANKHO: Thanki yanu ndi yakuda, bambo, kapena mumayenda ndi mafuta ochepa. Boti la matanga limamwa petulo pang'ono, moti wina amagonera muthanki miyezi yambiri. Madzi ndi dzimbiri zimadikha pansi, mafunde n'kuzivundula, fyuluta n'kutsekeka. Petulo wosakaniza ndi ethanol, monga E10, amayamwa chinyezi, ndipo madzi akafika pafupifupi theka la peresenti imodzi, ethanol amalekana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi madziwo, pomwe pali kamwa la payipi yokokera. Mankhwala othira muthanki sangabweze zimenezi. Popani zonse ndi pampu yamanja yopangidwira petulo, osati yamagetsi wamba, mpaka pakona yotsikitsitsa ya thanki. Sinthani raba ya pa chivundikiro chothirira, poti madzi amvula ambiri amalowera pamenepo. Ikani fyuluta yolekanitsa madzi ya ma micron 10 pakati pa thanki ndi pampu, ndipo yapadera izikhala m'boti. Boti likapendekeka ndi mphepo, thanki yotsala kota imasiya payipi yokokera pamtunda n'kuyamwa mpweya, choncho mukamatuluka nyanja ikuwinduka, thanki ikhale yopitirira theka.