Mwatifunsa: Ana Akalephera Sitandade 8, Mlandu Ngwa Ndani?

FUNSO

Zikomo Amayi. Ndimaphunzitsa Sitandade 8 pasukulu ina cha ku Santhe, m'boma la Kasungu. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) zitatuluka, makolo pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) anandiloza chala ine ndekha, ati ana sanasankhidwe kupita ku sekondale chifukwa cha ulesi wanga. Komatu ana ena amafika m'kalasi mwanga asakutha kuwerenga ngakhale ndime imodzi ya Chingerezi. Nditapempha mnzanga wa Sitandade 5 kuti ndikaonerere phunziro lake, anangoti, "Mwakhala a PEA liti?" kunena alangizi oyendera masukulu a pulayimale aja. Chiyambire tsiku limenelo sitilankhulana bwino. Nditani?

Mphunzitsi wodandaula, Santhe

YANKHO

Pepani aphunzitsi. Kulozedwa chala pagulu kumawawa, makamaka poti okulozaniwo ndi omwe mawa mukakumane nawo kuchigayo. Koma mnzanuyo sindimuweruza msanga. Zotsatira zangotuluka zoipa, makolo akalipa, ndiye wa Sitandade 8 akuti akufuna kudzakhala kumbuyo kwa kalasi yake, kope ndi cholembera zili m'manja. Ngakhale ine ndikanati mwabwera kudzafuna potula mlandu.

Ine ndinayamba kugwira choko mu 1994, chaka chomwe boma linathetsa fizi ya ku pulayimale. Ana anasefukira m'masukulu, ndipo ambirife tinalembedwa ntchito tisanaponde ku koleji. Satifiketi ndinadzaipeza pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito. Anandipatsa Sitandade 2 pansi pa mtengo wa mango cha ku Chamama, bolodi lotsamiritsa patsinde. Masabata awiri ndinkangokuwa "Chete! Chete!" mpaka mawu anasasa.

Mtengo wachiwiri kuchokera pa wanga panali mayi wina wachikulire wa Sitandade 1. Ankandimva ndithu ndikukuwa, koma sanabwere kudzandiuza kuti ndikulakwitsa. Tsiku lina anangoti, "Mwana wanga, mawa udzandigwirireko matumbawa, ndekha andikanika." M'matumbamo munali zitsekerero za mabotolo a Fanta ndi zitsononkho zowerengera. Pogawa zimenezo ndinaona mmene ankawakhazikira ana m'timagulu, ndi mmene ankangoyambitsa nyimbo phokoso likakula, ana n'kuvomera, kenaka zii. Panapita zaka ndisanazindikire kuti matumba aja sanali kumulemera n'komwe.

Ndiye inuyo tembenuzani pempho lanu. Muitaneni iyeyo kuti adzaonerere phunziro lanu, ndipo musankhe lomwe limakuvutanidi, kaya ndi kulemba chimangirizo m'Chingerezi. Mumuuze mosabisa kuti ana awa anadutsa m'manja mwake, akuwadziwa, akuthandizeni. Mukaweruka mukhale pansi ndi makope a ana asanu okha, otsalira kwambiri, muone pamodzi pomwe akukakamira. Akadzakuonani mukupunthwa pabolodi osachita manyazi, chitseko chake adzakutsegulirani yekha.

Dziwaninso kuti wa Sitandade 5 wasenza mtolo wolemera. M'kalasi mwake ndi momwe maphunziro onse, kupatula Chichewa, amatembenukira m'Chingerezi, ndipo mwana amene anafika pamenepo akungoloweza pamtima amagwa pomwepo. Mukamupanikiza, iye aloza wa Sitandade 3, wa 3 aloza wa 1, wa 1 akuonetsani ana oposa 100 atakhala pansi m'chipinda chimodzi. Palibe amene akhale akunama. Paja tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Chimene timaiwala ife a makalasi akuluakulu n'chakuti luso lomwe mukulisowalo lili pasukulu panu pomwepo. Kuyambira mu 2016, pomwe pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme inayamba, aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono akhala akuphunzitsidwa za maliwu a malembo, maphatikizo ndi kulumikiza mawu. Timawaderera kuti ndi aphunzitsi a "a e i o u", chonsecho mwana wa Sitandade 8 wosatha kuwerenga akufunika iwowo. Ana a Sitandade 1 amaweruka msanga. Kambiranani ndi ahedi kuti kawiri pasabata mphunzitsi wawo azitenga ana anu asanu aja kwa theka la ola, paokha, osati pamaso pa azing'ono awo, chifukwa mnyamata wa ndevu zoyamba kumera mukamuchititsa manyazi sabweranso. Inu muzibweza pomuthandiza kuchonga makope kapena kulemba matchati. Thandizo lopanda kubweza silitha teremu.

Musadikire kuti akuitaneni ku TDC, komwe aphunzitsi a m'dera amakumana pamaphunziro. Tisanamizane, ambirife tikamva za CPD, maphunziro owonjezera luso la aphunzitsi, timayamba tafunsa ngati kuli alawansi. Ya pasukulu simafuna ndalama: Lachisanu mukaweruka, nkhani imodzi basi, wina aphunzitse anzake akhale ana, muthe msanga anthu akaphike. A PEA akadzabwera muwaonetse zomwe mwayamba, poti ntchito yawo yeniyeni ndi ulangizi.

Za makolowo, chida chanu ndi kaundula wa m'kalasi. Kwanuko ndikukudziwa: ikafika nthawi yothyola ndi kusoka fodya, madesiki amakhala opanda anthu pomwe mayeso akuyandikira. Werengani masiku omwe mwana aliyense anajomba, mukaonetse a komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group msonkhano wina usanachitike, kuti nkhaniyo idzatuluke pakamwa pawo. Patsikulo aphunzitsi nonse mudzakhale benchi imodzi, ndipo wofotokoza zotsatira akhale ahedi.

Koma zonsezi zidikire kaye. Mawa m'mawa mupatseni moni mnzanuyo musanalowe m'kalasi, za PEA zija osazitchula. Pa buleki mayi wa zitumbuwa akafika, mugule ziwiri. Mundilemberenso teremu ikatha.