Kuphwetsa sipeya sikuchepetsa ndalama ya katundu

Achimwene, mwafunsa kuti poti mabasi ena amalipiritsa katundu pa kilo, kodi mutaphwetsa sipeya musanakweze simungapulumutseko kangachepe? Ndikuyankheni ine amene ndinapusa nazo kale zimenezi.

Ulendo wanga wachiwiri ku Johannesburg ndinaoda matayala anayi a saizi 15 ali pa malimu ake, opopa kale. Pa depoti mnyamata wa sikelo atayeza n'kutchula mtengo mutu unandizungulira, ndiye ndinati dikira kaye, ndinakhala pansi ndi kamsomali kumatokosa valavu, psiii, limodzilimodzi mpaka onse phwa, amayi ena a zovala akungondiyang'ana. Kubwezera pa sikelo muja muvi uli pomwe paja. Mnyamata uja anangoti bambo mwamaliza?

Mpweya umalemera ndithu, koma ndi nthabwala. Lita imodzi ya mpweya womwe tikupumawu ndi galamu imodzi ndi kadontho, 1.2 basi. Tayala la galimoto yaing'ono ngati 185/65 R15 mkati mwake mumalowa malita ngati 28 kapena 30, ndiye mukapopa kufika 2.2 bar, muyeso uja wa pa geji ya pampu, ndiye kuti mwapanikiziramo mpweya wina wodzaza tayalalo kawiri ndi pang'ono, pamwamba pa uja umakhalamo kale ngakhale lili lophwa. Chulukitsani nokha, mupeza magalamu 70 kapena 80. Dzira limodzi la nkhuku ndi kachidutswa. Pomwe tayala lenilenilo ndi makilo ngati 8, limu lachitsulo enanso ngati 8. Anayi anga aja ndinachotsa magalamu ngati 300, kachewere ziwiri za pa Lizulu, sikelo ya depoti singazione n'komwe.

Kasipeya kowonda kaja kamabwera ndi magalimoto a ku Japan kamapopedwa kwambiri, 4.2 bar, koma poti m'mimba mwake ndi mochepa nkhani yake ndi yomweyo. Pomwe mpweya umaonekako ndi pa matayala a thiraki, 315/80 R22.5 mukalipopa 8 bar mpweya wokha umapitirira kilo imodzi, koma tayala lake ndi loti amuna awiri amachita kuthandizana, ndiye kilo imodziyo mudandaula nayo chiyani.

Choipa n'choti kuphwetsako kunandipweteka ine ndemwe. Anawaponya pansi mu tirela, pamwamba anasanja zikwama zaeni, ndiye taganizani Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka Calomue tayala lili lophwanyidwa choncho. Kufika pa boda ya Dedza limodzi linali litasiyana ndi limu m'mphepete, pampu ya njinga inakanika, ndinachita kukalipira kompuresa ku tauni m'mawa kukuzizira kwa kunoku zala zitauma.

Ndalama zimathera pa limu ndi pa malo. Ine masiku ano malimu sindinyamula pokhapokha kasitomala atapereka kaye dipoziti, ndimatenga matayala okha, ndipo tayala lopanda limu mulibemo mpweya woti muphwetse. Makondakitala ambirinso akaona matayala sikelo amaiwala, amangowerenga kuti ndi angati n'kuona malo omwe adye, mukambirane pamenepo. Ku MRA nako, kwa a msonkho aja, safunsa za mpweya, amafuna malisiti ndi mtengo womwe munagulira, ndiye malisiti musawaike m'thumba la jinzi n'kuwanyowetsa ndi thukuta.

Ena a matayala a kaunjika amalowetsa laling'ono mkati mwa lalikulu kuti asunge malo. Malo amasungadi, koma ine sindipanga, kawaya ka m'mphepete kaja kakapindika tayala limangotaya mpweya pang'onopang'ono ndipo wa minibasi wa pa Tsangano akubwezerani pasanathe sabata, akukalipa pagulu.

Mukamasankha, nthawi yomwe mukanataya potokosa mavalavu muyang'anire m'mbali mwa tayala pomwe palembedwa DOT. Manambala anayi akumapeto ndi sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Lina limaoneka lonyezimira poti alipaka polishi koma lili lokalamba, pindani m'mbalimo ndi chala muone ngati mukutuluka timing'alu. Lotere lisiyeni ngakhale akutsitsireni bwanji, madalaivala a kuno anachenjera, nawonso amawerenga manambala aja asanatulutse ndalama.