Abwana akakutchulani "eager beaver", akuyamika kapena akunyoza?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku England. Akuti amafika pantchito kudakali mphindi 20, ndipo pakafunika wolowera mnzake pa shifiti, iwo ndiye amayamba kukweza dzanja. Tsiku lina abwana awo anamwetulira n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Here comes our eager beaver." Funso lawo n'lakuti: "Kodi pamenepa ndayamikiridwa kapena ndanyozedwa?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, sanakutukwaneni. Koma mawuwa ali ndi kaminga kobisika, ndipo ndi bwino mukadziwe.

Eager ndi munthu wofunitsitsa, wachangu. Beaver ndi nyama ya ku North America ndi ku Ulaya, kwathu kulibe. Imakhala m'madzi ngati katumbu, koma katumbu amadya nsomba pomwe iyo imadya makungwa ndi masamba. Imagwetsa mitengo ndi mano okha, kukokera nthambi mumtsinje, kumata ndi matope mpaka madzi kuima. Mano ake akutsogolo sasiya kukula, choncho imangokhalira kukukuta. Ku Wood Buffalo National Park m'dziko la Canada kuli damu la nyamazi lotalika pafupifupi mamita 800, lomwe anthu analitulukira mu 2007 poyang'ana zithunzi za satelayiti. Ntchito yonseyo ndi ya mano ndi timanja! Mpake kuti Angerezi akafuna kunena za khama amaitchula, monga ife timachitira ndi chiswe pa chulu.

Nanga kaminga kaja kachokera kuti? Mawu awiriwa anafala m'zaka za m'ma 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pakati pa asilikali a ku America. Ankanena msilikali watsopano amene amathamangira ntchito iliyonse asanatumidwe n'komwe, pofuna kuti akuluakulu amuone. Anzake sankakondwa naye, pakuti iye akajijirika, ena onse amaoneka ngati aulesi. Mpaka lero tanthauzo limayenda pakati pa "wakhama" ndi "wojijirika mopitiriza", ndipo nthawi zambiri amanenera munthu wachilendo pamalo: wantchito watsopano, kapena mwana wasukulu wokhala kutsogolo amene dzanja lake limakwera aphunzitsi asanamalize funso.

Tsono chimene chimagamula ndi kanenedwe. Abwana anu ananena "our", ndiye kuti "wathu", akumwetulira, inu muli pomwepo. Kumeneko n'kukusekani mwachikondi, monga agogo amanenera mdzukulu kuti "kamwana kachangu aka". Zikanakhala kuti anzanu awiri akunong'onezana kukhitchini kuti "she's such an eager beaver" uku akutembenuza maso, pamenepo ndikanati akudandaula nanu.

Ine nkhani yanu yandikhudza, chifukwa ambiri mwa ife tikapita kunja timagwira ntchito ndi mtima wonse pokumbukira ana ndi makolo amene tinawasiya kumudzi. Khama limenelo musalichepetse chifukwa cha mawu awiri. Chokhacho, mashifiti owonjezera ndi ndalama kwa anzanunso. Mukamatenga onse, ena amayamba kukuonerani m'kodi. Nthawi zina dikirani kaye, mufunse ngati pali wina akuifuna, ndipo thupi lanu lipumeko, poti kunyamula okalamba usiku ndi usana kumapweteka msana.

Inuyo mukafuna kuwagwiritsa ntchito mawuwa, sungirani anzanu ozolowerana nawo ndi ana. Abwana kapena munthu wamkulu musamutchule choncho, n'kupanda ulemu. M'kalata yofunsira ntchito kapena pa intavyu musadzitchule eager beaver. Nenani kuti ndinu "keen" kapena "hard-working", amva bwino lomwe. Ndipo abwana aja akadzabwerezanso, ingosekani nawo n'kuyankha kuti, "I enjoy the work."