Kafano ka mutu wa njovu m'sitolo ya abwana: ndi chizimba kodi?

Wowerenga wina amene amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe wanditumizira imelo. Akuti abwana ake, omwe ndi Ahindu, anaika kafano ka munthu wamimba yaikulu, wamutu wa njovu, pafupi ndi posungira ndalama, ndipo m'mawa uliwonse amakafukizira lubani asanagulitse kanthu. Akufunsa ngati si chizimba chokokera makasitomala.

Ayi ndithu, achimwene. Chizimba munthu amabisa, pomwe uyu amamuika poyera, pakhomo, m'galimoto, ngakhale pakhadi loitanira anthu ku ukwati. Dzina lake ndi Ganesha, ena amati Ganapati, mulungu wa Ahindu, mwana wa mulungu Shiva ndi mkazi wake Parvati. Ahindu amakhulupirira kuti ndiye amachotsa zopinga, choncho poyamba chilichonse, kaya ndi bizinesi, mayeso kapena ulendo, amatchula iye kaye. Ngakhale popembedza milungu ina amayambira kwa iye.

Za mutuwo, nthano yotchuka imati Parvati anaumba mnyamata ndi zodzola za pathupi pake, namuuza kuti alondere pakhomo iye akusamba. Shiva atafika, mnyamatayo, posamudziwa, anamukaniza kulowa. Shiva anapsa mtima namudula mutu. Parvati atalira koopsa, Shiva anatuma anthu ake kuti akatenge mutu wa cholengedwa chimene ayambe kukumana nacho, ndipo inali njovu.

Ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya mpikisano. Makolo anauza Ganesha ndi mbale wake Kartikeya kuti woyamba kuzungulira dziko lonse alandira chipatso. Kartikeya anakwera pikoko wake n'kuuluka. Ganesha, ndi chimimba chija, chokwera chake ndi khoswe, akanafika kuti? Anangozungulira bambo ndi mayi ake pomwepo, nati dziko lake ndi iwowo. Chipatso anatenga ndi iye. Mukakayang'anitsitsa kafanoko, mwina muona kakhoswe kali kumapazi, komanso nyanga imodzi yothyoka. Amati anaithyola yekha kuti ikhale cholembera pomwe wanzeru wina dzina lake Vyasa ankamuuza zoti alembe mu Mahabharata, ndakatulo yaitali yakale ya Ahindu.

Chikondwerero chake, Ganesh Chaturthi, chimachitika mu Ogasiti kapena Sepitembala kwa masiku 10. Kale chinali cha m'nyumba, koma mu 1893 Bal Gangadhar Tilak, womenyera ufulu wa India, anachikulitsa kukhala cha m'misewu mu mzinda wa Pune, kuti Amwenye a magulu osiyana azisonkhana pamodzi nthawi ya ulamuliro wa Britain. Lero ku Mumbai amapanga zifanizo zazitali kuposa nyumba, monga Lalbaugcha Raja yemwe anayamba mu 1934, ndipo tsiku lomaliza amazinyamula ndi ng'oma kukazimiza m'nyanja. Apa mpomwe ine ndimadandaula: zambiri ndi za pulasitala ndi utoto woipitsa madzi, n'chifukwa chake ena abwerera ku dongo. Ganesha anafikanso kutali, ku Thailand amamutcha Phra Phikanet, ndipo dziko la Indonesia, lomwe ambiri ndi Asilamu, linamujambula pa ndalama ya 20,000 rupiah mu 1998.

Nyengo imeneyi ikakwana, abwana anu angakugawireni modak, timakeke ta ufa wa mpunga tokhala ndi kokonati wotsekemera m'kati. Dziwani kuti nthawi zambiri timakhala titayamba taperekedwa kwa Ganesha. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola, thokozani n'kukana mwaulemu, ndipo popukuta fumbi pashelefu pake muyambe mwafunsa eni ake.