Funsani Aphunzitsi: Kodi ndi ndewu ya Isake ndi Ismayeli?

Funso: Aphunzitsi, mwana wanga wachisamba ali ku Israel, anapita ndi achinyamata aja okagwira ntchito m'minda. Akaimba foni amati ali bwino, koma ine ndikamva za mabomba pa wailesi tulo sindiliona. Ku mvano mayi wina anati tisadzivute, nkhondoyo ndi ya Isake ndi Ismayeli, inayambira m'nyumba ya Abrahamu ndipo sidzatha. Kodi n'zoona? Akulimbirana chiyani kwenikweni? *Mayi wa ku Dedza*

Yankho: Amayi, pepani ndi nkhawayo. Mnzanuyo sali yekha. Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, chaka ndi chaka pankapezeka mwana wondiyankha chimodzimodzi, ndipo ndinkamuuza kuti atsegule Genesis 25, ndime 9. Pamenepo Isake ndi Ismayeli ali limodzi pa maliro, akuika bambo awo m'phanga. Malo amene Ayuda ndi Asilamu amawalemekeza ngati manda amenewo ali ku Hebron, ndipo lero nyumba yake inadulidwa pakati, asilikali ali pakhomo. Koma anaidula dzanadzanali, Myuda wina dzina lake Baruch Goldstein atawombera n'kupha Asilamu 29 akupemphera mu 1994.

Uwu ndi mlandu wa malo. Malemu bambo anga anali nduna ya amfumu, ndipo mlandu wa munda ukafika pabwalo ankayamba ndi mafunso awiri: anapeza mnzake ndani, nanga anagawa ndani? Vuto la kumeneko n'lakuti funso loyambalo lili ndi mayankho awiri, onse oona.

Ayuda anali ndi ufumu wawo m'dzikolo kalekale. Aroma anagwetsa kachisi wawo m'chaka cha 70, ndipo m'kupita kwa nthawi ambiri anabalalika, ngakhale ena sanachoke m'dzikolo. Ku Ulaya anakhala moyo wosalidwa. Kuyambira 1881, ku Russia, magulu a anthu ankalowa m'midzi ya Ayuda n'kumapha ndi kutentha. Mtolankhani wa ku Vienna, Theodor Herzl, anaona kuti popanda dziko lawolawo sadzapuma, ndipo mu 1897 anaitanitsa msonkhano ku Basel. Mu 1903 Angerezi anawalozera malo ku Uasin Gishu, m'dziko limene lero ndi Kenya. Anawakana mu 1905. Akanavomera, bwenzi lero tikukamba nkhani ya anansi athu.

Komatu ku Palestine, dziko limene Ayudawo ankafuna kubwererako, sikunali bwinja. Kunali Aluya, Asilamu ndi Akhristu omwe, olima tirigu ndi azitona, ogulitsa malalanje a ku Jaffa, pansi pa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey umene unalamula zaka 400. Angerezi atalanda dzikolo kwa a Ottoman, kalembera wawo wa 1922 anapeza anthu pafupifupi 757,000, ndipo Ayuda anali ngati 84,000. Izi mukawauzenso ku mvano: Akhristu a ku Bethlehem ndi Apalestina.

Poyamba malo ankachita kugula, ndipo chilonda chinayambira pomwepo. Minda yambiri eni ake a pachikalata anali anthu olemera okhala kutali. Banja la Sursock la ku Beirut linagulitsa chigwa cha Jezreel, ndipo alimi achiluya amene ankalima momwemo n'kumapereka gawo la zokolola anauzidwa kuti asamuke. Wogula ali ndi chikalata, mlimi ali ndi manda a agogo ake. Amene makolo awo anadziwa thangata ku Thyolo ndi Mulanje sasowa wowatanthauzira.

Pa funso lachiwiri la bambo anga lija, anagawa ndi Angerezi, ndipo ine ndimawapatsa gawo lalikulu la mlanduwu. Pofuna thandizo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1915 analembera Sharif Hussein wa ku Mecca kumulonjeza ufulu wa Aluya, ndipo Aluya anamva kuti Palestine ali momwemo. Pa 2 Novembala 1917 nduna yawo Arthur Balfour inalembanso kalata yolonjeza Ayuda mudzi wawo ku Palestine komweko. Mbuzi imodzi, ogula awiri, wogulitsa si mwini. Magazi anayamba kukhetsedwa: Ayuda 67 anaphedwa ku Hebron mu 1929, ndipo kuyambira 1936 mpaka 1939 Aluya anagalukira Angerezi n'kuponderezedwa mwankhanza. Kenaka Hitler anapha Ayuda 6 miliyoni. Opulumuka ambiri analibe kobwerera, ndipo maiko amene lero amalankhula mokweza anali atawatsekera zitseko.

Pa 29 Novembala 1947 bungwe la United Nations linavota kuti dzikolo ligawidwe: maiko 33 anavomera, 13 anakana, 10 sanavote. Ayuda, amene anali munthu mmodzi mwa atatu alionse, anapatsidwa pafupifupi magawo 55 pa 100 a malo, ngakhale gawo lalikulu linali chipululu cha Negev. Iwo anavomera, Aluya anakana, ndipo kumenyana kunayamba nthawi yomweyo. Mtsogoleri wa Ayuda David Ben-Gurion atalengeza dziko la Israel pa 14 Meyi 1948, asilikali a Egypt, Jordan, Syria, Iraq ndi Lebanon analowerera. Israel anapambana, atataya anthu ngati 6,000, n'kutsala ndi magawo 78 pa 100.

Chaka chimenecho ndiye phata. Apalestina pafupifupi 700,000 anachoka m'nyumba zawo, ena pothamangitsidwa ndi mfuti, ena atamva za anthu oposa 100 amene anaphedwa m'mudzi wa Deir Yassin. Ambiri anakhoma zitseko n'kutenga makiyi, poganiza kuti ndi ulendo wa masabata angapo. Sanaloledwe kubwerera. Midzi yoposa 400 inasanduka mabwinja, ndipo m'misasa ya ku Lebanon, Jordan ndi Gaza muli mabanja amene akusungabe makiyi a nyumba zimene kulibenso. Iwo amachitcha Nakba, kutanthauza tsoka. Israel amachikumbukira ngati chaka cha ufulu. Zaka zotsatira, Ayuda mazana a masauzande nawonso anachoka kapena kuthamangitsidwa ku Iraq, Yemen, Egypt ndi Morocco, ambiri n'kukakhala ku Israel. Zidzukulu zawo nazo zilibe kwina. Mlandu suwola, koma uwu eni ake akuchulukirachulukira mbali zonse.

Zotsalazo ndithamanga. Mu Juni 1967, pa nkhondo ya masiku 6, Israel analanda West Bank (dera limene kuli Hebron ndi Bethlehem), kum'mawa kwa Jerusalem ndi Gaza, ndipo anayamba kumangamo midzi ya Ayuda. Lero mukukhala anthu oposa 700,000 m'midzi yotere ku West Bank ndi kum'mawa kwa Jerusalem, pa malo omwewo amene akanakhala dziko la Apalestina, ndipo kwa ine uku ndi kusuntha malire usiku mlandu uli pabwalo. Mu 1993 mtsogoleri wa Israel Yitzhak Rabin ndi mtsogoleri wa Apalestina Yasser Arafat anagwirana chanza pa pangano la mtendere la Oslo. Gulu lankhondo la Apalestina lotchedwa Hamas linayankha ndi mabomba m'mabasi, ndipo Rabin anaphedwa ndi Myuda mnzake mu 1995. Mkangano umene atsogoleri ake anafika pogwirana chanza sungakhale woikidwiratu kuti usathe. Anauwononga ndi anthu odziwika maina.

Pa 7 Okutobala 2023 Hamas inapha anthu pafupifupi 1,200 n'kugwira ena ngati 250. Israel anabwezera pa Gaza, kadera ka masikweya kilomita 365 kokhala anthu oposa 2 miliyoni, ndipo anthu masauzande makumimakumi anafa, ana ndi amayi ali momwemo. Ine sindipeza ndime ya m'Malemba yochapira chilichonse mwa ziwirizi.

Mwana wanu akukhudzidwa mwachindunji. Tsiku lija anaphedwanso antchito a m'minda ochokera ku Thailand, anzawo ambiri anabwerera kwawo, ndipo Apalestina amene ankagwira ntchito m'mindamo analetsedwa kulowa. Mpata umenewo ndi umene achinyamata athu anayamba kukaudzaza mu Novembala 2023. Akaimbanso, mufunseni kuti famu yawo ili chigawo chiti, yatalikirana bwanji ndi Gaza kapena malire a Lebanon, ndiponso ngati akudziwa chipinda chothawiramo sairini ikalira. Asungenso nambala ya ofesi ya kazembe wathu ku Tel Aviv, imene inatsegulidwa mu 2024.